Masiku asanu a matope ndi udzu kuseri kwa Songani

Pa msonkhano wathu wa mwezi wa Meyi, aphunzitsi ena a m'gulu lathu atatiuza kuti ku France kuli anthu amene amalipira ndalama zawo kuti akathere holide akusenza miyala, tonse tinafa nako kuseka. Msungichuma wathu anafunsa kuti, "Ndiye kuti waganyu ndi yemweyo, wolipiranso ndi yemweyo?" Aphunzitsiwo sanakhumudwe. Anafotokoza kuti bungwe la REMPART, lomwe linayamba mu 1966, limasonkhanitsa anthu ongodzipereka kukakonza matchalitchi, malinga ndi nyumba zakale za m'midzi, ndipo akamagwira ntchitoyo amaphunzira luso kwa amisiri enieni. Ku Britain nako kuli bungwe la SPAB, lomwe William Morris ndi anzake anakhazikitsa mu 1877. Mfundo yawo ndi yoti nyumba yakale uzikonza pomwe pawonongeka pokha, ndi zipangizo zofanana ndi zomwe inamangidwira, osati kuigumula n'kumanga ina yoifanizira.

Ife a ku Zomba nyumba zakale sitichita kuzimva pa wailesi. Tsiku lililonse timadutsa pa maofesi a nthawi imene mzinda uno unali likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Nyumba imene lero ndi Hotel Masongola inamangidwa ndi John Buchanan mu 1886 ndipo ikadali chiimire. Koma zimenezo ndi za m'tauni, zili ndi eni ake. Tinadzifunsa za nyumba za kumudzi, zomwe anamanga agogo athu ndi manja awo, zomwe palibe mlendo wodzazijambula.

Mmodzi wa ife, yemwe kwawo ndi kuseri kwa Songani cha kunsi kolowera ku nyanja ya Chilwa, anatiuza za nyumba ina ya aphunzitsi, ya njerwa zowotcha zomangira dothi, ya khonde lalikulu. Akuluakulu a m'mudzimo amati inamangidwa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanabwere. Masiku ano ndi sukulu ya mkombaphala, ndipo amayi amachitiranso sikelo ya ana pakhonde pake. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inagwetsa ngodya imodzi, denga n'kuyamba kudontha paliponse.

Tinagwirizana kuti tikathandize kuikonza, ndipo tinanyamuka Lolemba la sabata yachiwiri ya Ogasiti, anthu 14, pa kalole kobwereka. Pa Chinamwali tinaima kugula matemba ndi tomato, pa Songani n'kusiya tala kulowa msewu wafumbi. Za ulendowo ndisachulutse, kungoti wilibala yathu inagwa kawiri, ndipo kachiwiriko anatitolera ndi mnyamata wa kabaza.

Chomwe tinkanyadira kwambiri chinali matumba asanu a simenti amene mwini golosale wina m'tauni anatipatsa. A mfumu potilandira anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Tinaomba m'manja, maso ali pa matumba aja. Sitinadziwe kuti kalumo kathu n'kobuntha.

Mmisiri amene mudzi unasankha kuti atitsogolere ndi bambo wachikulire wa imvi mbuu, wosalankhula zambiri. Anayang'ana simentiyo, natiitana kuti timutsate kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali pulasitala wa simenti amene anthu ena akufuna kwabwino anamata zaka zapitazo, kuchokera pansi kufika m'chiuno. Anagogoda ndi chala, ndipo panamveka ngati ng'oma. Atatema pang'ono ndi mpeni wake womangira, chigamba chonse chinagwa, ndipo kumbuyo kwake njerwa zinali zitasanduka ufa wonyowa, mu Ogasiti muno mvula italeka kalekale. Pamwamba pomwe sanamatepo simenti, njerwa zinali zolimba bwinobwino.

"Ana anga, khoma ili limapuma," anatero. "Mukalitseka pakamwa, limawolera m'kati."

Ine ndinaphunzirako zomangamanga, ndipo ndivomere kuti mawuwa anandiwawa. Koma zimene ananena n'zoona. Njerwa zakale zija n'zofewa, zimamwa chinyezi kuchokera pansi, ndipo dzuwa likawala chimatulukira m'mizere ya dothi. Simenti ndi yolimba kuposa njerwazo, salola madzi kutuluka msanga, ndiye chinyezi chimangokhala m'kati n'kumadya njerwa. Ngodya imene inagwa ija ndi yomwe inamatidwa simenti wochindikala kwambiri. Matumba athu tinawaunjika m'chipinda cha a mfumu, ndipo kwa masiku atatu palibe anawatchulanso.

Tsiku lachiwiri linali loponda dothi. Sitinawotche njerwa zatsopano, chifukwa aliyense woyang'ana mapiri a Zomba ndi Malosa akuona yekha zomwe mauvuni ndi makala achita. Tinatola njerwa zomwe zinagwa, n'kuzipala imodziimodzi. Dothi lomangira linali la katondo losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, ndipo mmisiri uja sayeza ndi ndowa ayi. Amaumba timipira, n'kutiyanika padzuwa. Kakang'ambika, ndiye kuti dothi lachuluka. Kakanyenyeka pokafinya, mchenga ndiwo wachuluka. Kamene kauma kosalala, kosasweka msanga, ndiko muyeso wake. Anyamata athu a nsapato zoyera anavula, n'kulowa m'matope mpaka m'mawondo, ana a m'mudzi akuwaseka. Pofika madzulo ngodya inali itakwera mizere isanu ndi itatu, ndipo mmisiri anatiletsa kupitirira, akuti dothi likufunika ligone liume, apo ayi khoma limafufuma pamimba.

Pomata kunsi kwa khoma tinagwiritsa ntchito laimu wochokera ku Balaka, komwe amawotcha miyala ya ku Chenkumbi. Mmisiri anali atamuviika mu diramu sabata imodzi tisanafike, mpaka anakhala ngati phala. Ndowa imodzi ya laimu, zitatu za mchenga. Laimu sauma ngati simenti: amalimba pang'onopang'ono akamakoka mpweya, n'chifukwa chake tinkaphimba khoma ndi masaka onyowa kuti dzuwa lisamuumitse msanga. Amaotchanso khungu. Mlembi wathu anakana kuvala magolovesi, ndipo mpaka lero zala zake zikusupuka.

Pa nkhani ya denga m'pamene panabuka mkangano, ndipo ndikufuna mamembala amene sanapite aumve bwino. Ife tinkafuna udzu, chifukwa ndi momwe nyumbayo inalili kale, komanso imakongola. Mayi wina wa komiti ya sukulu anaimirira n'kunena kuti, "Achimwene, inu Lachisanu mubwerera kokagona m'malata ku Matawale. Udzuwu akamweta ndani chaka chamawa? Chiswe chikalowa, tidzakuimbireni foni?" Tinangoti zii. Analibe mwano mayiwo, ananena zoona. N'zosavuta kukonda zakale pamene si iwe wogona modontha.

Anatilanditsa ndi agogo ena aakazi amene amaphikira ana phala. Iwo anati mu Okutobala ana sakhala m'chipinda cha malata, amalira ndi kutentha, ndipo mvula ikamagwa mphunzitsi samveka. A mfumu anawonjezera kuti ndalama ya malata palibe chaka chino. Anagwirizana kuti afolere udzu, koma mofolera mwa kale, osati mongoyala pamwamba pa pepala la pulasitiki monga ambiri akuchitira lero. Kaya zaka zikubwerazi adzaika malata, imeneyo ndi nkhani ya eni mudzi, si yathu.

Kufolera kwenikweni ndinali ndisanakuonepo. Mapaso awiri odyedwa ndi chiswe tinasintha ndi a bulugamu, n'kumanga mbalo za nsungwi. Udzu amayamba aupesa kuchotsa zinyalala, n'kuumanga timitolo tating'ono. Amayambira m'munsi, mzere uliwonse kuphimba womwe wautsogolera, akumanga ndi luzi lonyowetsa, kenako n'kumenya ndi kathabwa kuti nsonga zifanane. Mmisiri anati chinsinsi ndi kutsetsereka kwa denga: likagona kwambiri madzi amaima n'kuwoletsa udzu, likaima bwino dontho limangothamanga. Ali ndi zaka zambiri bamboyo, koma pamwamba paja amayenda ngati ali pabwalo, pomwe ife tinkakwawa.

Ndinamufunsa kuti waphunzitsa angati. Anati awiri, ndipo onse ali ku Johannesburg.

Madzulo tinkadya nsima ya nandolo ndi matemba, thobwa osasowa, amuna n'kukagona m'kalasi la pulayimale, akazi kwa amayi a komiti. Lachinayi akazi a m'mudzi anatenga ntchito ya pansi. Anabwera ndi dothi lakuda la kudambo, n'kuzira chipinda chonse ndi khonde lomwe, kenako n'kusalaza ndi miyala ya kumtsinje mpaka pansi panayamba kunyezimira. Atsikana athu a ku koleji anayesako, koma pomwe anadutsa panali mizeremizere ngati padutsa nkhuku. Agogo aja anabwereka mmodzi mwala wawo, wakuda, wosalala ngati dzira, akuti anawasiyira amayi awo. Anamugwira dzanja n'kumamuyendetsa, "Osakanikiza mdzukulu wanga, uzingousisita."

Denga sitinamalize. Udzu umene mudzi unamweta mu Juni unakwana mbali imodzi ndi theka, ndipo dambo lomwe akanamwetako wina linapsa ndi moto wa osaka mbewa sabata imodzi tisanafike. Mbali yotsalayo taphimba ndi udzu wakale mongoyembekezera. Komiti ikufufuza wogula kumidzi ya kufupi ndi Domasi, ndipo tagwirizana kuti tibwererekonso mvula isanayambe. Amene ali ndi ngongole ya chopereka cha ulendo woyamba aonane ndi msungichuma, chifukwa ndalama ya udzuwo ichokera pomwepo.

Simenti ija sinapite pachabe. Lachisanu m'mawa tinakonzera pa mjigo wa m'mudzimo, pomwe panali patang'ambika ndipo madzi ankadikha, ndipo apo mmisiri sanatsutse. Anachita kusakaniza yekha.

Titafika pa Chinamwali pobwerera, foni ya tcheyamani inalira. Anali a mfumu, akuti agogo aja akufuna mwala wawo. Tinakhuthula zikwama zonse m'mbali mwa msewu, ndipo unapezeka pansi pa ndowa ya laimu, utakulungidwa m'chitenje cha mtsikana uja. Panopa uli kunyumba kwanga pawindo. Amene akupita cha ku Songani Loweruka lino andiuze, chifukwa agogowo aimbitsa kale kawiri.