Ndinayankhula “koma” wa mzungu mwiniwake asanamutchule

Mchemwali wanga atakwatiwa ndi mnyamata wa ku Leeds, abale sanavutike kusankha womasulira pa madyerero a ukwati ku Zomba. Ndimaphunzitsa Chingerezi ku sekondale, ndiye amalume, omwe anali ankhoswe, anangondiloza n’kunena kuti, “Aphunzitsi, mzungu akamalankhula inu muzitembenuza.”

Ndinalakwitsa ndisanagwire n’komwe maikolofoni. Bambo a mkwati anandifunsa kuti aziima pati kuti ine ndimasulire, ine ndinati aziima paliponse pamene afuna kupuma. Womasulira wodziwa ntchito amapangana ndi wolankhula kuti aziima pa mpumiro, chiganizo chikatheratu. Mkulu ameneyu ankapumira pa mpatuliro, ndipo pa mpatuliro wa Chingerezi ndi pamene pamabisala njoka.

Anayamba bwinobwino, kuthokoza ankhoswe, kuthokoza mpingo. Kenako anatembenukira kwa mkwatibwi n’kunena kuti, “When my son first brought her home, I found her difficult to impress,” n’kuima, n’kundiyang’ana.

“Mwana wanga atabwera naye kunyumba koyamba, ndinaona kuti mtsikanayu ndi wovuta,” ndinatero ine, ndikufufuzabe mawu oti kumusangalatsa. Sindinawafike. Mbali ya kuchikazi kunamveka “Aaa!” wamtali, ndipo agogo anavula magalasi. Mzungu anamaliza mwachimwemwe, “but impossible not to love.” Ndinamasulira kuti n’kosatheka kusamukonda, koma anthu anali atameza kale “wovuta” uja.

Kamangidwe kameneka n’kosavuta ukakalemba pabolodi. Kumayamba kapandamneni wa mfotokozi, monga “difficult to impress”, “slow to anger” kapena “hard to please”, kenako mlumikizi “but” kapena “yet”, kenako mbali yotsutsa. Mbali yoyambayo ndi nyambo chabe, mbedza ili ku mbali yachiwiri. Ngakhale kwathu zili choncho. Mnzako akati minibasi iyi ndi yotchipa koma yochedwa, akukuuza kuti usakwere. Akati ndi yochedwa koma yotchipa, akuti kwera. Mawu ndi omwewo, chimene chabwera pambuyo pa “koma” ndicho chimalamula. Chovuta n’chakuti Angerezi pa ukwati amakonda kuyamba ndi kugemula munthu asanamuyamikire, pamene ife timayamikira kuyambira pachiyambi mpaka DJ atadula maikolofoni. Ukadula chiganizo chawo pakati, anthu amatsala ndi chipongwe chokhachokha m’manja.

Ndisanapume n’komwe, anaponya china. “Stubborn as she is,” n’kuimanso.

Apa ndinatuluka thukuta la m’khwapa. Kamawu ka “as” kali ndi ntchito zambiri: nthawi zina ndi monga, nthawi zina pamene, nthawi zina popeza. Ndinasankha popeza. “Popeza mtsikanayu ndi wamakani,” ndinatero, mchemwali wanga akundiyang’ana m’kati mwa velo ndi diso limene ndimalidziwa kuyambira tili ana. Mzungu anapitiriza, “she is always the first to say sorry.” Chiganizo changa chinatuluka chotere: popeza ndi wamakani, amayamba ndiye kupepesa. Agogo anafunsa mokweza ngati mzunguyo walawa kale zoledzeretsa.

Mfotokozi akatsogola, n’kutsatiridwa ndi “as”, mwininkhani ndi mneni, tanthauzo limapachikika mpaka mbali yachiwiri itafika. “Tired as I was, I went straight to bed” ndi popeza ndinatopa, ndinakagona. “Tired as I was, I finished the marking” ndi ngakhale ndinatopa, ndinamaliza kuchonga. Mawu anayi oyambawo ndi ofanana ndendende. Wolankhula akaika “though” m’malo mwa “as”, monga “Tired though I was”, wakuchitira chifundo chifukwa pamenepo ndi ngakhale basi. Aku America amawonjezera “as” wina kutsogolo, “As tired as I was”, koma msampha ndi womwewo. Tsono Chichewa chimafuna “ngakhale” akhale mawu oyambirira enieni a mbali yoyambayo, kutanthauza kuti womasulira ayenera kudziwa kumene chiganizo chikathere asanatsegule pakamwa. Ndimaphunzitsa zimenezi ana a Fomu 4 chaka chilichonse pokonzekera MSCE, ndipo ndimawadula malikisi akalakwitsa.

Ndinasintha njira. Mzungu akaima, ndinkawerenga chamumtima mpaka katatu, ndikumvetsera mmene liwu lake lathera. Mngerezi akamaliza ganizo, liwu limatsika n’kukhala pansi. Akasunga “but” m’thumba, liwu limatsika pa mfotokozi uja kenako n’kukweranso pang’ono, ngati munthu amene wakhala pampando n’kudzukanso. Njirayi inagwira. Anati, “Your roads are rough,” liwu n’kukwera. Ndinakhala duu. Anamwa madzi, n’kuwonjezera, “Beautiful country, though.” Uyu ndi “though” wa kumchira, amene amabwera chiganizo chitatha, ndipo pomasulira umamunyamula n’kukamuika kutsogolo: misewu yanu ndi ya zigwembe, komabe dziko ndi lokongola. Holo yonse inawomba m’manja. Amalume anagwedeza mutu. Apa m’pamene mtima unandinamiza kuti mzunguyu ndamuloweza, ndipo ndikhoza kumamutsogolera.

Pofika kumapeto anatembenukira kukhomo la kukhitchini, kumene kunaima amayi ophika atavala zitenje zofanana. Amayiwa anali atadzuka 3 koloko m’bandakucha, n’kulimbana ndi mbuzi ziwiri, nkhuku 40 ndi thumba la mpunga la makilogalamu 50. Wowatsogolera anali amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, munthu amene ndiwo zake sizinatsutsidwepo ndi wamoyo aliyense. Mzungu anati, “And the food today was absolutely delicious,” ndipo liwu linakwera kumapeto.

Ndikanayenera kumva “absolutely” uja. Amene akukonzekera kutsutsa amayamba wachepetsa mfotokozi wake: “quite nice”, “fairly good”, “tasty enough”. Amene wafika pa “absolutely delicious” kawirikawiri wathira zonse, alibe chotsala. Liwu lija linakwera chifukwa mkuluyo ankaletsa kugeya, thobwa litamukwera. Zimenezi ndinazidziwa mochedwa.

“Ndipo chakudya cha lero chinali chokoma kwambiri, koma...” ndinatero monyadira, n’kutembenukira kwa iye kuti andipatse mbali yachiwiri.

“Thank you very much,” anatero mzungu, n’kukhala pansi.

Holo inangoti zii. Ngakhale ana amene ankalimbirana mabotolo a Fanta anasiya. “Koma” wanga anali lende m’mwamba, ndipo m’Chichewa “koma” sabwezeka. Amayi aakulu anasuntha phazi limodzi, chipande chili m’manja.

“Koma chiyani, mwanawe? Wati koma chiyani mzunguyo?”

Mutu unauma. Pakamwa panatuluka pokha, “Koma mchere unachepa pang’ono.”

Amayi aakulu sanayankhe. Analowa kukhitchini, n’kutuluka ndi paketi ya mchere ya kilogalamu imodzi yosatsegula. Anayenda pang’onopang’ono pakati pa holo mpaka kugome la akwati, anagwada mwaulemu woopsa, n’kuiika patsogolo pa mzungu. Mkuluyo anaimirira, analandira ndi manja awiri monga tinamuphunzitsira, maso ali ndi misozi, n’kundinong’oneza, “Is this traditional?” Ndinamuuza kuti ndi mwambo wakalekale. Anajambulitsa nayo chithunzi.

Yankho loyenera linandifikira madzulo m’minibasi, titadutsa kale Namadzi. “Koma” wathu ali ndi ntchito inanso: amatha kukhala wodabwa ndi woyamikira. Ndikanangoti, “chinali chokoma kwambiri, koma ndiye kukoma kwake!” amayi aja akanalulutira mpaka denga kugwedezeka. Ndinafuula mawuwo ndekha, kondakitala n’kundifunsa ngati ndikutsika.

Paketi ija, ndamva, ili pa shelefu ku Leeds pafupi ndi chithunzi cha ukwati, ndipo alendo amafotokozeredwa za mwambo wa Amalawi wopereka mchere kwa asebele. Amayi aakulu mpaka lero mkuluyo amamutchula kuti Amchere, ndipo ine ndikapita kwawo amandiikira mbale ya ndiwo, pambali pake kambale ka mchere kodzaza mpaka pakamwa.