Tinapita ku Ntcheu ndi fulashi, tinabwerako ndi KiCad yomanga tokha

Amene simunakwanitse kupita nawo Loweruka lija, nali lipoti lomwe munandipatsa ntchito yolemba. Pepani lachedwa, foni yanga inali kwa okonza, inde ine wokonza mafoni ndinakapereka foni kwa wokonza mnzanga, musandiseke.

Tinanyamuka pa Dedza boma anthu asanu ndi mmodzi, m'mawa kukuzizira kwa June kuja koti ngakhale chala sichikufuna kutuluka m'thumba. Minibasi inadikira kudzadza pafupifupi ola lathunthu, kenako M1 basi, kudutsa pa Bembeke, Lizulu pomwe tinagula mbatatesi ndi kabichi zoti tikapatse otilandira, uku kumanja tikuyang'ana Mozambique poti msewu umayenda m'malire mwenimweni. Laputopu ya gulu ndinaikumbatira pamiyendo ulendo wonse chifukwa kondakitala amafuna ayiponye kumbuyo limodzi ndi matumba a tomato.

Chomwe tinapitira mukuchidziwa koma ndibwereze kwa atsopano. Anzathu a ku Ntcheu anajambula kabolodi koyang'anira batire ya sola kuti isamadzadze mopyola, anatitumizira mafayilo, ife kutsegula, KiCad yathu, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mabolodi a zamagetsi, kukana. Yathu ndi vesheni 6, yomwe imabwera ndi Debian 12, mtundu wa Linux womwe uli pa laputopu yathu, iwo ali pa 8 yomwe inatuluka mu February 2024, ndipo mwambo wa pulogalamuyi ndi woti yatsopano imatsegula za yakale koma yakale singatsegule zomwe zasungidwa ndi yatsopano. Ndiye ife maganizo athu anali osavuta, titenge fulashi, tikakope, tidye chipisi, tibwerere.

Titafika, mkulu wa gulu lawo, madala ena amene anayamba kukonza mawayilesi ife tisanabadwe, anangoyang'ana fulashi ija n'kuseka. "Ana anga, mwabwera kudzatenga nsima yophika kale? Kuno timapereka ufa." Kutanthauza kuti iwo KiCad yawo sanaitenge yomangamanga, anatenga source code, malemba enieni opangira pulogalamuyo, n'kuimanga okha pa makina awo, ndipo amafuna ifenso tiphunzire zomwezo. Ndinene chilungamo, ine mumtima ndinadandaula, chifukwa njira yachidule ilipo, pali Flatpak, ndipo a Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ali ndi PPA yawo, komwe umangotenga pulogalamu yomangamanga kale. Ndinawafunsa kuti nanga bambo kuvutikiranji. Yankho lawo linali pawiri. Choyamba source code ukaikoka kamodzi ndi git, pulogalamu yotsata zosintha za source, zosintha zotsatira zimabwera pang'onopang'ono osadya bandulo yambiri. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chomwe chinandigwira, pali mtsikana wina m'gulu lawo amene akufuna kuyesa kuika mawu a pa menyu m'Chichewa, poti pa zinenero zomwe zilimo Chichewa mulibe, ndipo mawu onse omasuliridwa amakhala m'mafayilo a .po mkati mwa source momwemo, ndiye kuti uone ntchito yako pa sikirini uyenera kumanga wekha.

Asanatigwiritse kiyibodi anatiuza mbiri pang'ono. KiCad anaiyambitsa Jean-Pierre Charras mu 1992 ku Grenoble, France, komwe amaphunzitsa, ndipo kuyambira cha mu 2013 a CERN, aja a ku Geneva ofufuza tizidutswa ta zinthu, anayamba kuikapo anthu awo, ndi omwe anabweretsa kachida kaja kamene ukamakoka njira ya kopa pa bolodi njira zina zimadzisuntha zokha kupereka mpata. Laisensi yake ndi GPL, kutanthauza aliyense ali ndi ufulu wotenga, kusintha ndi kugawira ena bola asabise zomwe wasintha akamagawa. Source yake imakhala pa GitLab, yolembedwa mu C++.

Kenako ntchito. Source anali nayo kale pa hadi disiki ndiye tinangokopa foda yonse n'kusankha nthambi ya 8.0, bandulo yathu inapulumuka pamenepo. Chovuta chinayambira pa zomwe amati dependencies, mapulogalamu ena amene KiCad imatsamira. Mawindo ndi mabatani ndi a wxWidgets, zithunzi za 3D ndi kutulutsa mafayilo a STEP zimadalira OpenCASCADE, kuyesa seketi musanaiwotcherere ndi ngspice, kuphatikiza Boost, Python ndi zina zambirimbiri. Anatiphunzitsa kachinyengo kabwino, kulemba apt build-dep kicad, komwe kamakoka zonse zofunika pomangira, koma choyamba tinayenera kutsegula mizere ya deb-src mu sources.list apo ayi imakana. Vuto ndi loti lamuloli limakoka zofunika za KiCad 6 yomwe Debian wathu akuidziwa, osati za 8. Ndiye titathamangitsa cmake, yomwe imaona ngati zonse zofunika pomangira zilipo, inayenda, kuyenda, n'kuima ndi zofiira kuti sikupeza ODBC. Tinaika unixodbc-dev. Kuthamangitsanso, yaimanso, tsopano ikufuna libgit2. Tinaika. Ine ndinayamba kutopa koma sisi wa menyu uja anati "achimwene musamaope zofiira, werengani mzere woyamba wa error osati wotsiriza, cmake siimabisa, imakuuzani dzina la chomwe chikusowa inu mungowonjezera -dev kumapeto n'kusaka." Ndipo zoona, nthawi zambiri zimatheka choncho. Ichi chokha ndikanabwera nacho ulendo unali utalipira kale.

Cmake itavomera tinawomba m'manja ngati tamaliza, osadziwa kuti ndi pomwe tayamba. Pomanga penipeni tinagwiritsa pulogalamu ya ninja m'malo mwa make, ndipo ninja ukangoisiya imatsegula ntchito zingapo nthawi imodzi malinga ndi ma core a makina ako. Laputopu yathu ija RAM yake ndi 4GB. Patadutsa mphindi mwina makumi awiri fani inayamba kulira ngati njinga ya kabaza pa chitunda, mausi kuuma, kenako pa sikirini: Killed signal terminated program cc1plus. Mnyamata wamng'ono wa m'gulu lathu anafuula kuti "amwene taipha!" Madala aja osatekeseka, akumwa tiyi. Anatifotokozera kuti si kulakwa kwa source, koma fayilo imodzi ya C++ ya KiCad ikamamangidwa imatha kudya memory yoposa 1GB, ndiye zikakhala zinayi kapena zisanu pamodzi memory imatha ndipo Linux imasankha kupha ntchito yomwe ikudya kwambiri kuti makina onse asafe. Mankhwala ake awiri, kupanga swap file pa disiki, malo othandizira memory ikadzadza, ife tinaika ya 8GB, ndi kulemba ninja -j2 kuti izigwira ziwiri zokha. Pang'onopang'ono koma osagwa.

Ubwino wake ninja siyambira pachiyambi, imapitiriza pomwe inalekera. Izi tinazionera kawiri chifukwa cha m'ma 2 koloko magetsi anazima, batire ya laputopu yathu ndi yakufa kalekale, zonse phii. Anzathuwo anailumikiza ku invata ya sola yawo, tinalembanso lamulo lomwelo, manambala omwe ninja imaonetsa pa ngodya ya sikirini anapitiriza kuwerenga ntchito zotsala zokha. Pamenepo mpamene ndinapuma.

Podikira tinadya nsima ya nyemba ndi kabichi wathu wa pa Lizulu, ena anapita ku chiwaya. Tinaonanso bolodi yawo ija pa kompyuta yawo yayikulu, schematic, chojambula cha seketi, ku mbali ino, PCB, chojambula cha bolodi yeniyeniyo, ku mbali inayo, ndipo anationetsa momwe amatulutsira mafayilo a Gerber otumiza kwa opanga mabolodi kunja. Komanso momwe amapangira pakhomo akafuna yoyesera, kusindikiza pa pepala losalala ndi pulinta ya laser, kusita ndi simbi pa bolodi ya kopa, kuviika m'mankhwala odya kopa. Njira zawo amazijambula zonenepa dala chifukwa simbi siidziwa mizere yopyapyala. Pa izi tikufunika ulendo wina, sindinagwire zonse.

Zinaonekeratu kuti laputopu simaliza dzuwa lisanalowe, ndiye anayi anabwerera ku Dedza, awirife tinagona konko. Ine ndinagona pa mphasa pafupi ndi tebulo, ndikadzidzimuka ndimayang'ana manambala. Inamaliza usiku kwambiri, nthawi yeniyeni sindinaione, ndinangopeza fani yakhala chete. M'mawa sudo ninja install, kulemba kicad, n'kutiuza kuti sikupeza shared library. Mtima unagwa, koma linali la mphindi imodzi, sudo ldconfig basi kuti makina adziwe zomwe zalowa mu /usr/local. Kulembanso, windo kutseguka, 8.0.

Ndiye chomaliza chomwe palibe anatichenjeza, kapena anatisiya dala. Ndinafuna kuika resistor imodzi yokha pa schematic, mndandanda uli mbee. Ma symbol (zizindikiro za zida pa schematic), ma footprint (malo a miyendo ya zida pa bolodi) ndi zithunzi za 3D sizili mu source ya pulogalamu, zili m'nkhokwe zake zapadera, kicad-symbols, kicad-footprints, kicad-packages3D. Ziwiri zoyambazo tinakopa kwa iwo mosavuta. Ya 3D ndi yolemera ma GB angapo ndipo disiki yathu itadya kale swap ija inalibe malo, ndiye tinaisiya, bolodi imaoneka koma zida zake pa 3D palibe. Sizikuletsa kugwira ntchito.

Pa ndalama, transipoti inakwana ndi zomwe tinasonkha, yotsala tinagulira bandulo ya dependencies zija, msungichuma ali ndi mapepala ake. Foda ya build sindinaifufute ngakhale ikudya malo, chifukwa zosintha zikabwera tidzangochita git pull n'kumanganso zochepa zokha, chonde amene mubwereke laputopu musaikhudze. Lachitatu madzulo tikumane pa shopu, fayilo ya bolodi ya sola ija tsopano ikutseguka ndipo ndaona kale kuti footprint ya MOSFET, mtundu wa transistor, yomwe anaika siyofanana ndi zomwe tili nazo m'katoni mwathu, ndiye bwerani ndi rula tidzayeze miyendo yake. Amene ali ndi RAM ya DDR3 ya laputopu yongokhala, abwere nayo.