Ulendo wa aphunzitsi ku Loch Ness: chilombo chimodzi, maphunziro ambirimbiri

Gulu lathu la aphunzitsi a pulayimale linapita ku Scotland kukaona momwe anzathu a kumeneko amaphunzitsira masamu, sayansi, mbiri ndi chiyankhulo pogwiritsa ntchito nkhani ya Nessie, chilombo chomwe anthu amati chimakhala m'nyanja ya Loch Ness. Tinachokera ku Inverness, n'kutsata msewu wa A82 mpaka ku Drumnadrochit ndi pa mabwinja a Urquhart Castle, kenaka tinakakhala m'kalasi pa sukulu ina ya m'deralo.

Mphunzitsi amayamba ndi funso limodzi lokha pa bolodi: kodi m'nyanjamu muli chilombo? Iye sayankha, ngakhale ana amukakamize bwanji. Pakhoma amamatapo pepala lalikulu logawidwa patatu: umboni wovomereza, umboni wotsutsa, ndi zomwe sizinatsimikizike. Phunziro lililonse liyenera kusiya kanthu papepalapo. Anzathuwo anatichenjeza kuti mphunzitsi akangolakwitsa n'kunena tsiku loyamba kuti zonsezi ndi nthano chabe, chidwi chimatheratu pomwepo, ndipo zotsalazo ana amangozichita chifukwa auzidwa.

Masamu ndiwo anatikopa kwambiri. Nyanjayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 37, ndipo pamene pali pozama kwambiri ndi mamita pafupifupi 230. Ana amaijambula poika sentimita imodzi m'malo mwa kilomita imodzi. Kutalika kumatuluka masentimita 37, koma kuzama kumangofika mamilimita awiri ndi pang'ono, moti ambiri amayesa alakwitsa n'kuyamba kufufuta. Kenaka amatenga chingwe n'kupita pabwalo, milimita imodzi ikuimira zaka 1,000. Dera lonseli linali pansi pa madzi oundana mpaka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndiye moyo wonse wa nyanjayi ndi sentimita imodzi basi. Nyama zokwawa za m'madzi za mtundu wa plesiosaur, zomwe anthu amati Nessie ndi mdzukulu wake, zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo: mamita 66 a chingwe. Mwana amene wagwira kumapeto kwa chingwecho amaima patali ndithu, ndipo anzake amamvetsa popanda kuwafotokozera. Chingwe chikhale chosatamuka, apo ayi muyeso umasokonekera.

Za sonar, chipangizo chofufuzira za pansi pa madzi potumiza phokoso n'kumvetsera likamabwerera, amaziphunzitsa motere: phokoso limayenda m'madzi ozizira mamita pafupifupi 1,450 pa sekondi, choncho kuti lifike pansi pa mamita 230 n'kubwerera limatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Cholakwika chofala n'kuiwala kugawa ndi 2, nyanja n'kutuluka yozama mamita 460. Apa mpamene amatchula za Operation Deepscan ya mu 1987, pomwe mabwato oposa 20 anandandalikana n'kusesa nyanjayi ndi sonar koma osapeza chilombo.

Madzi a Loch Ness ndi oderako chifukwa cha dothi la zomera zowolerana lomwe mitsinje imakokolola m'mapiri. Tili m'bwato tinaona tokha kuti maso sapenya kutali. M'kalasi amadzaza ndowa yakuya ndi madzi, n'kumathiramo tiyi wozizira kapu imodzi imodzi. Nthawi iliyonse amatsitsa chivundikiro choyera chomangirira ku chingwe, n'kulemba kuzama kumene chasiya kuoneka. Pansi pa chivundikirocho pamafunika kulemetsa ndi nati, chifukwa chimayandama. Gulu lokhala pafupi ndi zenera limapeza manambala osiyana ndi la pakona yamdima, ndipo mphunzitsi wochenjera sakonza zimenezi msanga. Amawasiya anawo apeze okha chifukwa chake.

Pa mbiri amayambira pa zolemba za Adomnán, mkulu wa amonke wakalekale, yemwe anasimba kuti Columba, mmonke wofalitsa Chikhristu ku Scotland, anakumana ndi chilombo mu mtsinje wa Ness. Ana amafunsidwa kuti: wolembayu analipo? Ayi, analemba patapita zaka pafupifupi 100 Columba atamwalira. Kuchoka apo amalumphira ku 1933, chaka chomwe nyuzipepala ya Inverness Courier inalemba za chilombochi, ndipo nkhani zoti wachiona uyu, wachiona uja zinachulukirachulukira. Mapazi amene mlenje wina, Marmaduke Wetherell, anati wawapeza m'mphepete mwa nyanja, akatswiri a ku Natural History Museum ku London anazindikira kuti anadindidwa ndi phazi louma la mvuu. Chithunzi chotchuka cha mu 1934, choonetsa mutu ndi khosi zitatulukira pamwamba pa madzi, chinaululika mu 1994 kuti chinali chidole cha sitima ya pansi pa madzi chomatidwa mutu ndi khosi. Ana amapanga chawo: kachidole ka masentimita 30 m'beseni, kamera pafupi ndi madzi, kenaka kudula m'mbali mwa chithunzi kuti pasaoneke chinthu choyerekezera kukula kwake. Chimene chimawaulula ndi timafunde, tomwe timaoneka tatikulu mosagwirizana ndi chilombocho.

Zojambula ndi ndakatulo ziliponso, koma ife tinaona kuti ndi pamene ntchitoyi imaterereka mosavuta. Sabata yathunthu ikhoza kutha ana akupaka utoto wobiriwira, osayeza kanthu.

Kumapeto kumakhala mtsutso. Magulu awiri amaloledwa kugwiritsa ntchito zokhazo zimene zili papepala la pakhoma lija, kuphatikizapo kafukufuku wa Neil Gemmell wa ku University of Otago, yemwe mu 2018 anatunga madzi m'malo osiyanasiyana m'nyanjayi n'kuwayeza DNA, chizindikiro cha chibadwa chomwe zamoyo zimasiya m'madzi. Sanapeze ya zokwawa, koma ya mikunga inapezeka yambiri. Mbali amachita kugawa ndi maere, kuti mwana amene amakhulupiriradi za Nessie asasanduke choseketsa cha anzake. Malikisi amaperekedwa poona ngati mwana watchula kumene umboni wake wachokera, osati poona mbali imene yapambana.