Mendulo ya m'kachitini ka agogo

Aphunzitsi athu a mbiri anatipatsa ntchito ya pa tchuthi yoti aliyense alembe masamba asanu okhudza asilikali a Nyasaland amene anakamenya nkhondo kunja kwa dziko lino. Ine ndinaona ngati ndapata yofewa. Ndinati ndikasonkhanitsa zaka ndi mayina a malo, n'kuwonjezapo mawu awiri atatu otamanda ngwazi zathu, basi ndamaliza. Lero ndi sabata yachitatu ndili kumudzi kuno ku Mchinji, ndipo masamba amene ndinalemba poyamba aja ndinayatsira mbaula.

Chimene chinandipunthwitsa ndi dzina lomwe ndakhala ndikulimva chibadwire. Agogo anga aakazi akamakumbuka za kale sanena kuti ku boma la Mchinji, amati ku Fort Manning, m'katchulidwe kawokawo. Sindinaganizepo zofunsa kuti Manning ameneyu anali yani. Powerenga ndinapeza kuti William Manning anali msilikali wa Britain, mmodzi wa otsogolera nkhondo imene inagonjetsa Angoni a Mpezeni kumayambiriro a chaka cha 1898. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo a Chingoni, anagwidwa n'kuwomberedwa, ndipo ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa. Linga la kuno linatchedwa dzina la Manning, la tsidya ilo linali Fort Jameson, komwe lero timati Chipata. Ife kwa bambo ndife Angoni, ndipo chaka chilichonse mu Febuluwale abale anga amadutsa pachipata cha Mwami kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni. Nkhani ya Nsingo ndinkaidziwa. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti amene anagwira mfuti pa nkhondoyo, kupatula azungu ochepa ndi Asikh ochokera ku India, anali anthu akuda a dziko lomweli, Atonga ndi Ayao, a gulu lotchedwa British Central Africa Rifles. Gulu limeneli ndiye kholo la asilikali amene ndinkafuna kuwalembera ndakatulo yachitamando.

Pa 1 Januwale 1902 magulu a asilikali a Britain a kuno, a ku Kenya, ku Uganda ndi ku Somaliland anaphatikizidwa kukhala King's African Rifles, imene makolo athu anaifupikitsa n'kumati Keyala. Magulu awiri oyambirira, loyamba ndi lachiwiri, anali a kuno kwathu, ndipo woyang'anira wamkulu woyamba wa Keyala yense anali Manning yemwe uja, amenenso pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Koma maulendo akunja anali atayamba kale. Mu 1899 gulu lachiwiri linatumizidwa pachilumba cha Mauritius. Mu 1900 ena anakamenyana ndi Aashanti ku Gold Coast, Ghana wa leroyu. Kenaka ku Somaliland, kukalimbana ndi mtsogoleri wa Asomali Mohammed Abdullah Hassan, ndipo mu Epulo 1903 pamalo otchedwa Gumburu asilikali ambiri a gulu lachiwiri anathera pomwepo limodzi ndi mtsogoleri wawo Plunkett. Ngakhale dzina loti Cobbe Barracks ku Zomba likuchokera komweko, kwa Alexander Cobbe amene analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Somaliland mu 1902.

Mayina onsewa sankakhazikika m'mutu mwanga. Ndinkaloweza madzulo, m'mawa n'kupeza athawa. Ndiye ndinatenga kalendala yakale ya kampani ya feteleza, n'kujambula mapu kumbuyo kwake, n'kumalemba mzere kuchokera ku Zomba kukafika kulikonse kumene asilikaliwa anaponda. Mizere itachuluka m'pamene ndinayamba kuona nkhaniyo ngati chinthu chimodzi. Dziko laling'ono lopanda nyanja yamchere, koma ana ake awoloka nyanja zikuluzikulu kukagonjetsa anthu ena akuda amene sanawalakwire kanthu, monga momwe anagonjetsera ife kuno.

Mapu amenewa ndi amene anandithandizanso kumvetsa John Chilembwe. Tonse timamuona pa K500 ndi pa K2,000, timapuma pa 15 Januwale, ndipo m'kalasi tinaloweza za thangata ndi za nkhanza za pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Koma mu Novembala 1914, miyezi iwiri asanayambe kuukira kwake kwa pa 23 Januwale 1915, Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za nkhondo. Mfundo yake inali yakuti anthu akuda akhetsa kale mwazi m'nkhondo za boma, nanga apindulanji? Amene akufa ndi amphawi, osiya akazi amasiye ndi ana opanda wowathandiza, pomwe eni chuma amene nkhondoyo ikuwakhudza ali phee. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalikire. Kale ndinkaiwerenga ngati mfundo nambala yakuti pa mndandanda wa zifukwa za kuukira. Tsopano ndikudziwa kuti munthuyo ankanena za anthu enieni amene anapita ku Somaliland osabwerako, ndipo akazi awo ankawaona ndi maso.

Za nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndinadzimvera chisoni. Ndikhoza kukuuzani popanda kuyang'ana m'kope za Franz Ferdinand ndi mzinda wa Sarajevo, koma sindinkadziwa bwino kuti mu Ogasiti 1914 sitima ya Britain ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu yomweyi, kapena kuti mu Seputembala chaka chomwecho nkhondo inamenyedwa pa Karonga. Makolo anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera kulira kwa mfuti ija yothetheka ngati chimanga chokazinga. Chinthu china chinandiimitsa mutu: mu 1911 boma linathetsa gulu lachiwiri la Keyala pofuna kusunga ndalama, ndipo ena mwa asilikali ochotsedwawo anawoloka malire kukalembedwa ntchito kwa Ajeremani ku Tanganyika. Ndiye kuti nkhondo itabuka, panali anthu amene anaphunzira perete bwalo limodzi akulozetsana mfuti.

Ovala yunifomu anali pafupifupi 19,000. Koma amtengatenga, onyamula ufa, zipolopolo ndi katundu yense pamutu, anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ankhondo a General Northey wa Britain ankathamangitsa Paul von Lettow-Vorbeck, mtsogoleri wa ankhondo a Ajeremani, m'mapiri a Tanganyika, m'tchire la Mozambique, mpaka anakagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Mtunda wonsewo chakudya chinkayenda pa mitu ya anthu. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo, ankagwidwa kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma. Ankafa ndi kamwazi, chibayo, njala ndi kuzizira, ndipo kumudzi minda inkagonera kusowa olima. Nkhondo itangotha kunabweranso chimfine choopsa chija cha 1918. M'masamba anga oyamba aja amtengatenga ndinawapatsa mzere umodzi wokha, ndipo n'chifukwa chachikulu chimene ndinawang'ambira.

Tsiku lina madzulo ndili pakhonde ndi kalendala yanga ija, agogo akusenda mtedza pambali, anandifunsa kuti, "Kodi iwe, mizere imeneyi ukulemba njira za kuti?" Ndinawafotokozera, ndikuloza ndi pensulo, ndipo nditatchula Burma anasiya kusenda. Analowa m'nyumba osanena kanthu. Potuluka ananyamula kachitini ka dzimbiri kamene ndakhala ndikukaona pansi pa bedi lawo, ndikuyesa muli singano ndi mabatani. Munali nsanza yomangidwa mfundo ziwiri, m'kati mwake nyenyezi yachitsulo ya nsonga zisanu ndi imodzi, yodera ngati khobidi lakale. Kansalu kake kanali kofumbwa m'mbali, koma mitundu inkaonekabe, pakati pofiira, m'mbali mobiriwira ngati mtambo wa mvula ndi timizere tachikasu chofiirira. Ndinaizindikira chifukwa ndinali nditaiona pa intaneti masiku awiri m'mbuyomo. Inali Burma Star, mendulo ya amene anakamenya ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

"Iyi ndi ya bambo anga," anatero agogo. "Anachoka ine ndikuyamwa. Pobwera ndinali wamkulu wotha kutunga madzi, ndipo nditawaona ndinathawira kuseri kwa nkhokwe chifukwa sindinkawadziwa." Ndinati, "Agogo, bwanji simunandiuzepo?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Unafunsa liti?"

Zimene agogo akukumbuka si za mfuti ayi. Akukumbuka jasi lalitali limene bambo awo ankafunda m'nyengo ya chisanu mpaka linatha, ndi bokosi lachitsulo lolembedwa nambala. Akukumbuka kuti ankati mvula ya ku Burma sikata, munthu umagona wonyowa n'kudzuka wonyowa, ndipo misundu inkalowa mpaka m'nsapato. Ankatinso chakudya chinkagwa kuchokera m'ndege, zimene anthu a m'mudzi ankaseka poyesa kuti n'zokometsera nkhani. Usiku womwewo ndinabwerera ku zowerenga zanga ndipo zonse zinagwirizana. Mu 1944 gulu lalikulu la 11th East African Division, momwe munali magulu a Nyasaland, linapatsidwa ntchito yotsata Ajapani m'chigwa cha Kabaw mpaka ku mtsinje wa Chindwin, m'kati mwenimweni mwa nyengo ya mvula, pamene misewu inasanduka matope ndipo chakudya chinkaponyedwadi ndi ndege. Chigwacho chinkatchuka ndi malungo ndi matenda ena. Asanafike kumeneko, asilikali a kuno anali atamenyana kale ndi Ataliyana ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, anakafika ku Ethiopia, ena ku Madagascar mu 1942, ndipo anakaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka. Chilankhulo cha ntchito m'magulu a Nyasaland chinali Chinyanja, moti ngakhale mabwana achizungu ankayenera kuchiphunzira. Ndikaganiza kuti m'nkhalango za Burma munkamveka mawu omwewa amene ndikulembamo panopa, thupi limachita tsembwe.

Apa m'pamene ntchito yanga inavutira kwenikweni. Bambo a agogo anali Mngoni, wobadwa patangopita zaka makumi awiri chigonjetsedwe cha Mpezeni. Akuluakulu amene anawalera anaona ndi maso ng'ombe zawo zikutengedwa. Komabe iwo anavala yunifomu ya gulu lomwelo, n'kukalembetsa pa boma lotchedwa dzina la Manning. Ndinafunsa agogo chifukwa chake. Anati msonkho unkafunika, ntchito kunalibe kupatula kupita ku Halale kapena ku Joni, ndipo amfumu anauzidwa kuti apereke anyamata. Anawonjezanso kuti bambo awo ankanyadira usilikali wawowo, ankapukuta mendulo ija ndi phulusa, ngakhale kuti ankadandaula kuti zimene anayembekezera pobwera sanazione. Sindingathe kuwatcha wogulitsa mtundu, ndingakhale ndikunama komanso kuchita mwano. Sindingathenso kulemba kuti anakamenyera ufulu wa dziko lathu, popeza pobwera anapeza msonkho ndi ulamuliro wa atsamunda zili momwemo, ndipo mu 1953 kunabweranso chitaganya. Ndasankha kulemba zonse ziwiri monga zinalili, kunyada kwawo ndi kugwiritsidwa ntchito kwawo, m'ndime imodzi.

Ngakhale mganda ndayamba kuuona mwina. Anyamata ovala zoyera, makabudula ositidwa, masokosi ofika m'mawondo, kuima pa mizere, wina kukhala mtsogoleri wolamula, ng'oma yaikulu ndi malipenga a zipanda. Zonsezi ndi perete wa asilikali amene makolo anamutenga n'kumusandutsa gule, monganso malipenga a kwa Atonga ndi beni wa kwa Ayao. Ndavinapo mganda kusukulu ya pulayimale osadziwa kuti mapazi anga akubwereza za Keyala.

Zotsatira ndazilemba mwachidule. M'zaka za m'ma 1950 magulu a Nyasaland anatumizidwa ku Malaya. Dziko litalandira ufulu mu 1964, gulu loyamba la Keyala linasanduka gulu loyamba la Malawi Rifles. Maulendo akunja sanathe: asilikali athu analondera njanji ya Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo mu 2013 anatumizidwa ku Democratic Republic of Congo pansi pa United Nations. Mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi mzinda wa Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo mu 2019 anapatsidwa mendulo ya United Nations yotchedwa Captain Mbaye Diagne. Kusiyana kwake n'kwakuti awa anatumidwa ndi dziko lawo, atavala mbendera yawo paphewa.

Mendulo ija agogo akana kuti ndipite nayo kusukulu, ndipo sindinalimbikire. Andilola kuiika pansi pa pepala n'kupaka pensulo pamwamba mpaka nyenyeziyo itaoneka, ndipo pepala limenelo ndilo likhale tsamba loyamba la ntchito yanga. Andiuzanso kuti kutsidya kwa Bua kuli mayi wina wokalamba amene bambo ake anapita limodzi ndi bambo awo koma sanabwerere. Loweruka ndibwereka njinga ya amalume, agogo akonza kale kankhuku koti ndikapereke pofika.