Mitambo ya ku Antarctica ndi funso la mwana wa Folomu 3

Lachitatu, mwezi wa Juni, pa boma la Dedza.

Lero kwacha ndi chifunga moti phiri la Dedza silinaoneke mpaka cha m'ma 10 koloko. Phunziro la Folomu 3 linali la mpweya wa ozoni, umene uli kutali mumlengalenga ndipo umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Nditafotokoza kuti mu 1985 asayansi a ku Britain, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin, analengeza kuti mpweyawu wachepa kwambiri pamwamba pa siteshoni ya kafukufuku ya Halley ku Antarctica, kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, mtsikana wina anaimika dzanja nati: "Aphunzitsi, ngati mpweya wowononga ozoni unkachokera m'mafiriji a m'mizinda, nanga bwanji chibowo chinakaonekera kumene kulibe mzinda ndi umodzi womwe?"

Funsoli linandikondweretsa kwambiri, ndipo linatenga nthawi yonse yotsala ya phunzirolo. Yankho lake lagona pa mitambo ina yopyapyala imene imapangika pamtunda wa makilomita 15 mpaka 25 kuchokera pansi, kuzizira kukafika pa madigiri pafupifupi 78 pansi pa ziro. Klorini wochokera mu mpweya wa m'mafiriji akakhudzana ndi tinthu ta m'mitamboyi amasintha n'kukhala woopsa, ndipo dzuwa likabwerera mu Seputembala amayamba kuphwanya ozoni mwachangu. Chovuta n'chakuti mitamboyi imapangika nyengo ino, pamene m'katikati mwa Antarctica muli mdima usana ndi usiku kwa miyezi ingapo, moti zipangizo zodalira kuwala kwa dzuwa sizingaiyeze.

Apa m'pamene ndinawauza za makina otchedwa lidar, amene amabwera ndi kuwala kwawokwawo. Makinawa amaponya kuwala kwa laser m'mwamba mophanimaphanima, kawirikawiri kobiriwira, ndipo kakuwala kochepa kamene kawomba fumbi, madontho kapena mpweya weniweniwo kamabwerera pansi n'kulandiridwa ndi telesikopu. Anawo anamvetsa msanga nditawakumbutsa mmene nyali za galimoto zimawalitsira chifunga pa msewu wa M1, kuwalako n'kumabwerera m'maso mwa dalaivala. Kenaka tinawerengera limodzi pa bolodi: popeza kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kupita ku mtambo wa pa makilomita 15 ndi kubwerako kumatenga gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi. Poyeza kanthawi kameneka, makinawo amadziwa pamene mtambo wayambira ndi pamene walekezera, ndipo mmene kuwalako kwasinthira pobwerera kumasonyeza ngati mtambowo uli wa timadontho kapena wa timiyala ta ayezi. Kwa ine, chogometsa n'chakuti munthu ali m'kanyumba kozunguliridwa ndi madzi oundana amayeza chinthu chimene ndege zonyamula anthu sizifikako, osachikhudza n'komwe.

Makina oterewa ali pa masiteshoni a ku Antarctica monga McMurdo ndi Dumont d'Urville, koma amangoona mlengalenga wa pamwamba pawo, ndipo mitambo yapansi ikachindikala amatsekerezedwa. N'chifukwa chake setilaiti ya CALIPSO, imene America ndi France anaitumiza mu 2006, inali yofunika, pakuti inkaponya laser kuchokera kumwamba ikuzungulira dziko mpaka pamene inaleka ntchito mu 2023. Ina yotchedwa EarthCARE, ya ku Ulaya ndi Japan, inanyamuka mu Meyi 2024 ili ndi lidar yakeyake. Ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, sikuzizira ngati ku Antarctica, choncho mitamboyi imachepa, ngakhale kuti mu 2011 ndi mu 2020 ozoni anawonongeka kwambiri kumenekonso.

Poweruka ndinadzera kumsika kwa bambo amene akutikonzera firiji ya kunyumba. Nditawafunsa za gasi wa R12, wa m'mafiriji akale wowononga ozoni uja, anati anasowa kalekale ndipo masiku ano amathira R134a kapena R600a. Ndinawafotokozera kuti kusinthaku kunachokera ku pangano la ku Montreal la mu 1987 loteteza ozoni, limene dziko lathu nalonso linavomereza. Anaika chida chawo pansi n'kumvetsera, kenaka anati: "Aphunzitsi, ndiye kuti ntchito yangayi ikufika mpaka kumadzi oundanako?" Ndinawayankha kuti ikufikadi, ndipo akatswiri akuyembekeza kuti ozoni wa ku Antarctica adzabwerera mwakale cha m'ma 2066, ngati mayiko sabwerera m'mbuyo. Ndikuona kuti kuyeza kumeneku sikuyenera kudukiza m'zaka zonsezo, chifukwa chaka chimene sichinayezedwe sichingayezedwenso.

Madzulo ano ndakonza masamu a mawa. Ana adzawerengera nthawi imene laser ya ku ALOMAR, malo ofufuzira za mumlengalenga pa chilumba cha Andøya ku Norway, imatenga kukafika ku mitambo ya mtundu wina, yowala usiku, ya pa makilomita 83 ndi kubwerako.