Mavoti 34 pa 100, mipando 63 pa 100: zimene ndikuphunzira pa chisankho cha ku Britain

Teremu ino tikuphunzira njira zosiyanasiyana zosankhira atsogoleri, ndipo ntchito imene aphunzitsi atipatsa ndi yokhudza chisankho cha ku Britain cha pa 4 Julaye 2024. Funso lake ndi lalifupi: kodi njira imene dzikolo limasankhira aphungu ikuyenerabe masiku ano pamene zipani zachuluka? Ndisanalembe zokapereka m'kalasi, ndati ndiyambe ndayala maganizo anga pano.

Njirayo si yachilendo kwa ife, poti tidaitengera kwa iwo omwewo. Dziko adaligawa m'madera 650, dera lililonse limasankha phungu mmodzi, ndipo amene waposa anzake ndiye wapambana, ngakhale atawaposa ndi voti imodzi yokha. Eni ake amaitchula first past the post. Palibe chisankho chapadera cha nduna yayikulu. Mfumu imangoitana mtsogoleri wa chipani chimene chili ndi aphungu okwanira kulamulira nyumba ya malamulo kuti apange boma, basi.

Tsono taonani zimene zidatuluka. Chipani cha Labour, chotsogozedwa ndi Keir Starmer, chidapeza mavoti pafupifupi 34 pa 100 alionse, koma chidakokolola mipando 411, kutanthauza mipando 63 pa 100. Conservative ya Rishi Sunak idagwa chagada, mipando 121 yokha, kugonja kumene chipanicho sichidakuonepo chiyambire. Liberal Democrats idapeza mavoti 12 pa 100 ndi mipando 72. Reform UK ya Nigel Farage idaposa pamenepo pa mavoti, 14 pa 100, koma idangotola mipando 5.

Ndidatenga foni n'kuyamba kugawa mavoti a chipani chilichonse ndi mipando yake, n'kumalemba m'mphepete mwa kope. Phungu mmodzi wa Labour adatuluka pa mavoti pafupifupi 24,000. Wa Liberal Democrats, pafupifupi 49,000. Wa Reform, mavoti oposa 800,000. Nambala yomalizayi ndidaibwereza poganiza kuti chala chadumpha, koma idatuluka yomweyo. Kenaka ndidayang'ana chisankho cha 2019, chija Labour idagonja kwambiri pansi pa Jeremy Corbyn. Nthawi imeneyo chipanichi chidapeza mavoti oposa 10 miliyoni n'kukhala ndi mipando yongopitirira pang'ono 200. Mu 2024 mavoti ake adatsika kufika pa 9.7 miliyoni, mipando n'kuwirikiza. Ndiye kuti Labour sidakope anthu ambiri kuposa kale. Chidasintha n'chakuti adani ake adagawana mavoti, ndiponso mavoti akewo adamwazika bwino m'madera amene ankafunikira, m'malo mowunjikana m'mizinda imene chipanicho chinkapambana kale.

Dera limene landithandiza kwambiri kumvetsa izi ndi South West Norfolk, kumene phungu wake anali Liz Truss, uja adakhala nduna yayikulu kwa masabata ochepa mu 2022. Kumeneko Terry Jermy wa Labour adapambana ndi mavoti osakwana 27 pa 100, ndipo adaposa Truss ndi mavoti 630. Wa Reform adabwera pachitatu, osatalikirana nawo kwenikweni, ndipo panalinso woima payekha amene adadya gawo lake. Choncho mwa anthu anayi alionse amene adavota, pafupifupi atatu sadasankhe munthu amene akuwaimira lero. Kanema wa chilengezocho alipo pa intaneti ndipo ndi wofunika kumuona. Ku Britain onse opikisana amaimikidwa pamzere pansanja, wamkulu wa chisankho m'deralo n'kumawerenga mavoti a aliyense, wopambana ndi wogonja ali phewa ndi phewa. Ngakhale Sunak, adakali nduna yayikulu, adaima pansanja limodzi ndi Count Binface, wanthabwala wovala bini kumutu. Mwambo umenewu ndiye ndimausirira, kunena zoona.

M'kalasi tidawerenga za Maurice Duverger, katswiri wa ku France amene adaona kuti njira imeneyi imakankhira dziko ku zipani ziwiri zikuluzikulu, chifukwa anthu safuna kutaya voti pa munthu woti sapambana. Kwa zaka zambiri ku Britain zinalidi choncho. Mu 2024 Labour ndi Conservative pamodzi sizidafike pa mavoti 60 pa 100. Njira imeneyi ili ngati njinga ya kabaza, adaipangira anthu awiri, ndiye pano akufuna kukwerapo asanu. Pamene zipani zinayi kapena zisanu zikuyandikana, kusintha pang'ono kwa mavoti kumatembenuza mipando yambirimbiri. Ku Hendon, Labour idapambana ndi mavoti 15. Pa chisankho chachibwereza ku Runcorn and Helsby mu Meyi 2025, Reform idalanda mpando wa Labour ndi mavoti 6. Abale athu amene ali kumeneko, anamwino ndi osamalira okalamba, asaiwale kuti nzika za mayiko a Commonwealth zokhala m'dzikolo movomerezeka zimaloledwa kulembetsa ndi kuvota. Mavoti 15 ndi kwaya imodzi ya ku tchalitchi.

Oikira kumbuyo njirayi nawonso ali ndi mfundo, ndipo sindikuzipeputsa. Amati munthu aliyense amadziwa phungu wake ndi dzina, ndipo aphungu ambiri amakhala ndi tsiku lokumana ndi anthu a m'dera lawo kumva madandaulo a nyumba, a chipatala kapena a mapepala. Amatinso boma likatopetsa anthu limachotsedwa lonse, monga zidachitikira a Conservative atalamulira zaka 14, osati kugonja koma n'kubwereranso kudzera pa mgwirizano wokambirana kuseri. Mfundo yawo imene yandigwira kwambiri ndi yotsutsa njira ya mndandanda, imene mipando imagawidwa molingana ndi mavoti a chipani. Ku Wales, chigawo china cha Britain, adakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira chisankho cha 2026 nyumba yawo ya malamulo, Senedd, ikhale ndi aphungu 96 osankhidwa pa mndandanda wa chipani. Wovota amasankha chipani, koma amene ali pamwamba pa mndandandawo amaikidwa ndi chipanicho. Ife amene tidaonapo zisankho zachipulula zikusokonezedwa ndi akuluakulu a zipani tikudziwa kumene mphamvu yotere ingathere. N'chifukwa chake ine ndikutsamira ku njira yosankhira nyumba ya malamulo ya ku Scotland, chigawo chinanso cha Britain, imene yakhalapo kuyambira 1999: munthu amavota kawiri, aphungu 73 amachokera m'madera, ndipo ena 56 amawonjezedwa kuti mipando ifanane ndi mavoti.

Kwathu nkhaniyi tidaigwira theka. Mu 2019 Peter Mutharika adalengezedwa wopambana ndi mavoti osakwana 39 pa 100, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 khothi lidafafaniza zotsatirazo n'kunena kuti pulezidenti azipeza mavoti oposa theka, ija timati 50+1. Koma aphungu tikuwasankhabe mwakale. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Britain boma lonse limaima pa chisankho cha aphungu chokhacho.

Chimene chandivuta kulemba mwaulemu wa kusukulu n'chakuti maganizo a zipani pankhaniyi amatsata masamu awo. Mu 2011, pansi pa boma la mgwirizano wa David Cameron wa Conservative ndi Nick Clegg wa Liberal Democrats, kudachitika riferendamu yofuna kusintha pang'ono kavotedwe, ndipo anthu pafupifupi 68 pa 100 adakana. A Conservative adachita kampeni yokana, poti njira yakaleyi inkawakomera. Ku msonkhano waukulu wa Labour mu 2022, pamene chipanicho chinali chotsutsa, nthumwi zidavomereza zoti mipando izigawidwa molingana ndi mavoti, koma Starmer sadaike zimenezo mu manifesito. Mu Disembala 2024 phungu wa Liberal Democrats, Sarah Olney, adapempha nyumba kuti imulole kubweretsa bilu yosintha njirayi, ndipo adapambana ndi mavoti 138 kwa 136, aphungu ena a Labour atavota naye. Boma lidangoti lilibe maganizo osintha. Lidalengeza m'malo mwake zotsitsa zaka zovotera kufika pa 16, zomwe n'zabwino koma sizikhudza kagawidwe ka mipando.

Gawo limene sindinamalize ndi la Reform. Mu manifesito yake ya 2024 chipanichi chidalonjeza kusintha kavotedwe, ndipo n'zomveka kwa anthu amene adapeza mipando 5 pa mavoti oposa 4 miliyoni. Koma kuyambira chapakati pa 2025 kafukufuku wambiri adayamba kuchiika patsogolo ndi mavoti pafupifupi 30 pa 100, ndipo pa njira yomweyi mavoti otere angathe kupereka boma ngati ena onse agawikana. Mnzanga wina wa m'gulu lathu akuti a Labour ndi a Conservative ndi amene ayambe kulira kuti njirayi ndi yokondera. Tagwirizana kuti iye alembe gawo limenelo, ine nditenge la Scotland ndi Wales, tikaphatikize Lachinayi.