Minyewa sigona nthawi imodzi

Anzanga, zalowa tsopano! Za spinal, jakisoni wa pamsana wochititsa mayi dzanzi pa opaleshoni yobereketsa, ndinkangoloweza ngati nyimbo ya ku pulayimale: BP imatsika, miyendo imafunda, mayi amachita nseru. Kani zonsezi ndi nkhani imodzi. Bupivacaine, mankhwala obayidwa pamsanawo, sagoneka minyewa yonse pakamodzi. Imayamba kugona ndi ya sympathetic, kenako yomva kuzizira ndi ululu, kenako yomva kukhudza, ndipo yoyendetsa minofu ndiyo imatsirizira.



Sympathetic ija ndi imene imagwira mitsempha ya magazi kuti ikhale yothina. Ikangogona, mitsempha ya m'miyendo ndi m'mimba imatakasuka, magazi n'kudikha kumunsi, obwerera kumtima n'kuchepa. Pamenepo mayi wagona chagada, chiberekero chatsamira kale pa vena cava, mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima. Ndiye kupendeketsa bedi kumanzere madigiri 15 kuja, dripi yothamanga ija, ephedrine wokweza BP wokhala kale m'sirinji uja, si mwambo chabe wa m'fiyeta ayi. Mayi akati "ndikufuna kusanza," dzanja lithamangire beseni koma maso akhale pa BP. Mankhwala akakwera kupyola T4, mulingo wa pamawere (msana umawerengedwa m'magawo monga T, L ndi S, kuchokera kumtunda kutsika), agwiranso minyewa yofulumizitsa mtima, ya T1 mpaka T4, ndiye kugunda nako kumatsika.

Thonje la sipiriti lija nalo lili ndi mutu wake. Umalikweza pang'onopang'ono kuchokera pantchafu, "Mayi, apa mukumva kuzizira?" Pamchombo ndi T10, pamawere T4. Ngakhale mpeni umadutsa m'munsi mwa mchombo, dzanzi liyenera kufika pamawere chifukwa peritoneum, kachikopa kokuta za m'mimba, ikamakokedwa ululu wake umalowera m'mwamba. Mayi akanena kuti akumva kuti akumugwira ndi kumukoka, sikuti mankhwala alephera, ndipo ndi bwino kumuuziratu asanachite mantha. Koma akati zikupweteka, mumukhulupirire.

Chimene chandithandiza ndi cholembera cha maka basi. Ndinamulemba mnzanga wa m'chipinda mizere pathupi, T4, T6, T10, mpaka m'mphechepeche, iye n'kumandifunsa mafunso ngati mayi wamantha. Kunena zoona, akanatipatsa maka aliyense tsiku loyamba n'kutsekera pulojekita m'kabati, palibe akanalakwa mayeso. Aphunzitsi ena amathera nthawi pa August Bier, amene anayambitsa spinal, ndi cocaine wake wa mu 1898, pomwe dongosolo la minyewali amangolidutsa mzere umodzi, "mukawerenge nokha." Tikawerenge nthawi yanji, titachezera usiku wonse kuwodi?

Koma kuleba ndiye mutu wanga sunakhazikike. Mabuku amati matenda akayamba ululu umadutsa T10 mpaka L1, mwana akamatsika n'kusamukira ku S2 mpaka S4. Epidural, jakisoni wina wa pamsana woletsa ululu, imatha kugwira monsemo. Ife chimene timakhala nacho pafupi ndi pethidine, jakisoni woletsa ululu amene amawoloka nsengwa, ndipo akaperekedwa mwana ali pafupi kubadwa, khandalo likhoza kutuluka lofooka kupuma, mpaka kusaka naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya pethidine. Apo ayi ndi kusisita msana ndi "limbani mtima, mayi." Epidural imafuna munthu wokhala pambali kumayeza BP pafupipafupi, ndipo mzamba mmodzi akuthamangira mabedi angapo. Kaya ndi yoyenera kuilimbikira kwathu kuno, kaya tiyambe taonetsetsa kuti pethidine yemweyo akuperekedwa pa nthawi yake, ine pamenepa sindinapeze poima.